Tsidya la Anthu Osavota

Chiperoni chinagwa masiku atatu osapumira, ndipo Lachinayi m'mawa mtsinje wa Namasupa unali utafika m'chiuno. A Kingstone anaima m'mbali mwa madzi atapinda buluku, akuyang'ana zipilala ziwiri za simenti zomwe zinatsala pamene panali mlatho. Mlathowo unapita ndi madzi osefukira zaka zitatu zapitazo. Chipatala chili tsidya linalo, kufupi ndi msika wa Milonde, ndipo tsikuli linali loti akazi awo, a Lines, akalandire mankhwala a BP. Mapiritsi anali atatha dzulo lake.

"Kwerani, amake Brenda," anatero a Kingstone akuwerama.

"Mundigwetsa inu. Mawondo anuwo ndimawadziwa, amalira ngati chitseko cha kutchalitchi."

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikusenza dengu la tiyi kuesiteti, ndilephere inu? Kwerani, madziwa akuzizira."

A Lines anamangirira buku la kuchipatala pamutu ndi duku, nakwera kumsana. Anayenda bwino mpaka pakati. Kenako mwala unagubuduka pansi pa phazi la a Kingstone, onse awiri khuvuu m'madzi! Madzi anawakokolola a Lines mpaka pa tsinde la nsungwi, pomwe anakakamira ndi manja awiri kufikira amuna awo atawapeza. Anafika kuchipatala ali njenjenje, bondo la a Lines likutuluka magazi, buku lili phala.

Adokotala sanabise mawu. "Mayi awa asamadumphitse mankhwala ngakhale mwezi umodzi. Akadumphitsa, tsiku lina mudzawabweretsa atafa ziwalo."

Pobwerera a Kingstone anatukwana njira yonse. Anatukwana khansala, anatukwana phungu, anatukwana ngakhale mwala uja. Atafika padooko anapeza a Sheila, aphunzitsi a pasukulu ya m'mudzimo, nsapato zili m'manja, nawonso akudikira kuti madzi aphweko pang'ono.

"Andale onse ndi mbava, aphunzitsi! Zaka zitatu! Akudikira kuti tiike maliro kaye?"

Kunena zoona, a Kingstone sanabadwe odana ndi zisankho. Mu 1994 anavina mpaka nsapato kung'ambika, nakaima pamzere tambala asanalire kachiwiri. Koma malonjezo atachuluka kuposa zochitika, mtima unazizira. Kuyambira pamenepo tsiku lovota linali tsiku lawo lopalira zinanazi. A Lines akabwera ndi inki pachala, iwo ankaseka nkumati, "Ndiye tidyera chala chimenecho? Voti siphikidwa." Ndipo poti anali munthu wodziwa kuyankhula, mawu amenewa anafalikira kuchokera pa bawo mpaka mudzi wonse.

A Sheila anawasiya kuti amalize, kenako anafunsa mofatsa. "Abambo, mukudziwa kuti chisankho chapitachi tsidya lathu lino tinavota anthu angati?"

"Ndidziwa bwanji? Ine za masewera amenewo ndinasiya."

"Ine ndinagwira nawo ntchito yowerenga mavoti pasukulu pathu. Anthu 83. Chonsecho akuluakulu tilipo oposa 700. Pasukulu ya kumsika kuja anavota pafupifupi 2,000. Pepala la zotsatira limamatidwa pakhoma kuti aliyense aone. Inu simuliwerenga, koma andale amaliwerenga mpaka kukopera m'makope mwawo. Ndiye ndalama zachitukuko zikabwera zochepa, mukuganiza kuti ayambira tsidya liti?"

"Ndiye kuti wosavota si munthu?" anakalipa a Kingstone.

"Ndi munthu, ndipo mlatho ndi ufulu wake. Khansala ayenera kutumikira aliyense, wovota ndi wosavota yemwe. Koma wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Ife tikumva m'mimba, koma tagona phee, ndiye iwo amangoti uko kulibe wodwala."

"Mwa 83 amenewo mmodzi ndine," anatero a Lines akufinya duku. "Inu munali kwa zinanazi zanu."

A Kingstone anayang'ana bondo la akazi awo lomangidwa bandeji, nayang'ananso zipilala zija.

"Kalembera wa voti akuyamba Lolemba pasukulu," anatero a Sheila. "Masiku khumi ndi anayi, Loweruka ndi Lamulungu lomwe. Mungotenga chiphaso chanu cha unzika."

Lolemba a Kingstone anali woyamba pamzere. Ndipo monga muja umachitira udzu wouma, utayaka unayakiratu. Anagula mabatire a wailesi yomwe inakhala chaka ili chete, nayamba kumakangana ndi owerenga nkhani ngati ali nawo pakhonde. "Bodza limenelo! Funsani za mlatho!" A Lines ankangoti, "Abambo, sakukumvani amenewo. Phala likuzizira."

Kenako a Kingstone anayamba kuyenda khomo ndi khomo, ndipo apa ndi pomwe zinavuta. Akapeza munthu akusenda chinangwa, m'malo mopereka moni ankayamba ndi, "Mwalembetsa? Ayi? Ndiye ndinu amene munagwetsera mkazi wanga m'madzi!" Ena ankalowa m'nyumba akangowaona patali. Mayi wina anawathira madzi otsukira mbale kumapazi.

Mnzawo wa pa bawo, a Fanuel, amene anathyola nawo tiyi kwa zaka zambiri, anawamvetsera mpaka kumapeto, akusosa kafodya kawo.

"Achimwene, mwatha?"

"Ndatha. Tiyeni kusukulu."

"Ndifunseko kamodzi. Mawu aja akuti voti siphikidwa, ine ndinawamva kwa ndani?"

A Kingstone anatsokomola.

"Zaka makumi awiri mukutiphunzitsa pa bawo pano, ife nkukhoza mayeso onse. Lero aphunzitsi omwewo akutitcha mbuzi chifukwa chokhoza bwino? Pitani, achimwene, mukazizire kaye."

Sabata yoyamba itatha, a Sheila anawauza kuti olembetsa atsopano anali 19 okha. A Kingstone anafika kunyumba mutu uli pansi, nakhala pamphasa osavula nsapato.

"Anthu a m'mudzi muno ndi ouma mitu," anatero.

A Lines anali kusankha nandolo m'lichero. "Si ouma mitu. Akukuonani ngati munthu amene anawasocheretsa m'nkhalango, nkuyamba kuwakalipira kuti asochereranji. Yambani mwapepesa."

"Ndipepese ine?"

"Inu nomwe. Pakamwa pomwe panawagoneka ndi pomwe pangawadzutse. Koma musamalume."

Lamulungu zolengeza zitatha, a Kingstone anapempha mkulu wa mpingo kuti awapatse mphindi ziwiri. Anaima kutsogolo chipewa chili m'manja, akufunafuna mawu, munthu amene pa bawo sankasowa chonena.

"Abale, ine ndinakunamizani," anayamba. "Ndinkati voti ilibe ntchito, inu nkundimvera. Sabata yapitayi ndinatsala pang'ono kutaya amake Brenda mu Namasupa. Sindikukuuzani chipani, sindikukuuzani munthu. Amene mudzamusankhe mudzamudziwa nokha ndi Mulungu wanu. Ndikungopempha kuti tikalembetse, aone kuti tsidya lino kuli anthu. Amene ndinakutukwanani sabata ino, mundikhululukire. Amene munandithira madzi, ndinayenera."

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kofewa. Mapemphero atatha, a Fanuel anawagwira pamkono. "Apo mwayankhula ngati munthu. Tiyeni mundiperekeze, chiphaso chili m'thumbamu."

Masiku otsalawo a Kingstone sanapitenso m'makomo. M'mawa uliwonse ankakhala padooko, pomwe munthu aliyense amavula nsapato. Ankagwira dzanja okalamba, kuwolotsa njinga ndi madengu a nthochi, ndipo ali pakati pa madzi ozizira ankafunsa mwaulemu, "Kusukulu kuja mwapitako?" Ogwira ntchito kuesiteti ankadandaula kuti amachoka m'bandakucha nkubwera kalembera ataweruka. A Kingstone ankawakumbutsa kuti Lamulungu nalonso amatsekula. Tsiku lomaliza mzere unazungulira bwalo la mpira. Olembetsa anakwana 640.

Zotsatira zake zinaoneka mu Epulo, nthawi ya kampeni. Tsidya lomwe silinaonepo msonkhano wandale kwa zaka zambiri linalandira uthenga woti opikisana onse anayi pa mpando wa khansala akubwera. Anthu anakawachingamira padooko, madzi ali m'ntchafu. Mmodzi, wa suti ndi nsapato zonyezimira, anayang'ana uku ndi uku nafunsa ngati pali anyamata oti amunyamule.

"Palibe!" anakuwa a Kingstone ali tsidya linalo. "Pindani buluku, bwana. Mulawe zomwe timadya ife."

Onse anayi anawoloka okha, wina akupemphera mokweza. Pansi pa mtengo wa pasukulu, a Sheila anawerenga pepala lomwe anthu analemba pamodzi: wopambana adzaika mlatho wa Namasupa patsogolo pa ntchito zachitukuko za m'deralo, ndipo azidzabwera miyezi itatu iliyonse kudzafotokoza pamene zafika. Onse anasainira, zovala zikudontha.

Anyamata a mmodzi wa iwo anayamba kugawa sopo ndi mchere kuseri kwa kalasi. A Kingstone atawaona anatola ndodo, koma a Sheila anawatchinga kutsogolo.

"Abambo, ikani pansi. Kugula mavoti ndi mlandu, koma kumenya munthu ndi mlandunso. Tikana, ndipo tikanena kwa oyendetsa chisankho. Basi."

A Kingstone anaika ndodo pansi, koma pakamwa sanatseke. "Sopo wa masiku atatu, ulamuliro wa zaka zisanu! Mutichapa nayenso tikamira?" Anyamata aja anamanga katundu wawo mwakachetechete.

Tsiku lovota a Kingstone anavala jekete la ukwati wa Brenda. Anatuluka m'kachipinda kovotera ali mwee, ngati wabatizidwa kumene. Koma zotsatira zitatuluka, a Harold, amene iwo ankawafuna, anagonja. Anapambana mayi Jenifer, ogulitsa nsalu kumsika, omwe a Kingstone ankati sangathe kuyankhula pagulu.

Masiku awiri wailesi inali chete. Tsiku lachitatu a Sheila anafika ndi pepala lija lili m'pulasitiki.

"Ndataya voti yanga, aphunzitsi," anatero a Kingstone osadzuka pampando. "Nzomwe ndinkanena zija."

"Sinatayike. Tsidya lino tavota 571, ndipo pepala la zotsatira lili pakhoma. Mayi Jenifer ndi khansala wa tonse, kuphatikizapo amene sanawavotere. Dzina lawo ndi ili, anasaina okha. Kuvota ndi tsiku limodzi, abambo. Ntchito yeniyeni ndi yotsatira."

"Dzukani," anawonjezera a Lines. "Munadzutsa mudzi wonse, mugonenso inuyo? A Fanuel akusekani mpaka Khrisimasi."

Sizinayende ngati madzi otsetsereka, ayi. Msonkhano woyamba mayi Jenifer anabwera ndi malonjezo okha. Wachiwiri sanabwere nkomwe, ndipo anthu makumi anayi anawoloka nkukawapeza kumsika, pepala lili m'manja, popanda mwala kapena chitukwano. A Kingstone analowa mu komiti yachitukuko ya m'mudzi, naphunzira kudikira kuti tcheyamani awapatse mpata, chinthu chomwe chinawavuta kuposa kuthyola tiyi pamvula. Dzinja limenelo a Lines anaphonya tsiku la chipatala kawiri, ndipo mapiritsi anachita kuwolokera pachingwe m'jumbo. Pamsonkhano wachinayi mayi Jenifer anabwera ndi injiniya wa kukhonsolo. Anthu a m'mudzi anatuta mchenga ndi miyala, ndipo patatha miyezi khumi ndi isanu ndi umodzi chichitikire chisankho, mlatho unatha.

Mu Januwale mvula inagwa sabata yathunthu, Namasupa akubangula ngati galimoto yokwera phiri. Lachinayi la mankhwala, a Lines anayenda pamlatho ndi ambulera yawo, mapazi ali gwa mu nsapato zouma. A Kingstone anatsalira m'mbuyo, akugwedeza zitsulo za m'mbali chimodzichimodzi.

"Ichi chikugwedera," anatero akutulutsa kakope ndi pensulo. "Msonkhano wa mwezi wamawa ndiyamba ndi chimenechi. Kenako denga la Sitandade 3."

Mtsikana wina wa kusekondale amene ankadutsa ndi njinga anaima nawafunsa ngati tsopano ndale zawalowa m'magazi.

"Mwana wanga, uli ndi zaka zingati?"

"Ndikwanitsa 18 mu Juni."

"Ndiye mvera. Kalembera akabwera ukalembetse. Tsiku lovota ukavote, munthu wa kumtima kwako, osati wa sopo. Akapambana, kaya ndi wako kaya si wako, uzimutsata ndi mafunso mpaka ntchito ioneke. Ukakhala chete amaganiza kuti wakhuta."

"Abambo!" anaitana a Lines ali kale tsidya linalo. "Msonkhano wanuwo mupitiriza pobwerera. Mzere wa kuchipatala sudikira andale!"

A Kingstone anabweza kakope m'thumba, nathamangira akazi awo.