Dima Lopanda Makasu

Udzu unakula m'munda mwanga mpaka kuyamba kubisa chimanga. Ndinauza mwana wanga Linah kuti afulule mowa, ndiitane dima monga tinkachitila amayi ake, Petronella, ali moyo.

"Adada, masiku ano ndani amapalila chifukwa cha mowa?" anafunsa Linah.

"Fulula," ndinatelo.

Kale kuno kwa Chikomeni dima linali la mudzi wonse. Lelo munda wa uyu, mawa wa uyo. Petronella ankayambitsa nyimbo, makasu n'kumagwela pamodzi, ana akutsatila m'mbuyo ndi zikho. Iye ankadzala maungu ndi khobwe pakati pa chimanga. Ine sindinasinthe, ndipo mbewu ndi zake zomwezo.

Tsiku la dima anthu anabwela ndithu, koma panalibe wonyamula khasu. Kumsana anabeleka masipuleya opopela mankhwala opha udzu. Patsogolo panali mlamu wanga Haswell, mlongo wake wa malemu.

"Monile, mulamu!" anafuula Haswell. "Dzuwa lisanafike pamutu tikhala titamaliza. Mowa uli kuti?"

"Mankhwalawo amasiya maungu?" ndinafunsa.

"Amasiya chimanga basi. Maungu mukagule ku Boma, amagulitsa odulatu."

Anyamata anaseka. Ine ndinaima pamzele woyamba, khasu m'manja.

"Taonani," anatelo Haswell, "mlongo wanga anakwatiwa ndi chitsa. Angakhale mutabweletsa thilakitala, ichi sichizuka."

Mowa ndinawapatsa, pakuti ndinawaitana ndine. Anamwa, anathokoza, n'kupita kukapopela kwina.

Ndinapalila ndekha, kuyambila kuchulu kumene maungu amayanga bwino. Mvula sinaleke. Msana unayamba kukana, ndipo pamene ndinapalila dzana udzu unali ukumelanso. Kumunsi chimanga chinasanduka chachikasu. Linah sanandidzudzule, koma ali ndi ana, ndipo onse amadya za m'munda umenewu.

M'mawa wina ndinapita kwa Haswell. Ndinamupeza akutsuka sipuleya pachitsime.

"Upopele kumunsi," ndinatelo. "Kuchulu usafikeko."

Ndinadikila kuti aseke. Sanaseke.

"Ndiika chizindikilo, anyamata asalowelele," anayankha. "Ndipo ndisankha tsiku lopanda mphepo."

Anapopela. Patapita masiku maungu ndi khobwe zakumunsi zinafota pamodzi ndi udzu, chimanga n'kudzuka, chobiliwila bwino. Amene anandiuza ndi Linah. Ine sindinatsike kukaona.