Jezi Yosada ya Lamarcus

Ine ntchito yanga pa koleji pano ndi kuchapa. Anyamata a timu yathu ya mpira wa ku America, uja wothamanga nawo m'manja, akagubuduzana m'matope Loweruka, majezi awo ofiira aja amathera kwa ine, ndiye amene wasewera ndi amene sanasewere ndimamudziwira m'basiketi.

Ya Lamarcus Tibbs, nambala 38, inkabwera ngati yochokera m'sitolo. Zaka zinayi zathunthu! M'kati mwa sabata ndiye ankamuphunzirirapo kugwetsa munthu, anzake kumubwanyula mpaka nthiti kuwawa, koma Loweruka likafika, pa benchi.

"Iwe 38, ngakhale thukuta lokha osatuluka? Ndichape chiyani pamenepa?"

"Ndimakusungirani sopo, Anti Verna," ankatero akuseka.

Mwanayo sankafuna zambiri. Ankangofuna kuwoloka mzere wogoletsera wa kumapeto kwa bwalo kamodzi kokha mpira uli m'manja, amayi ake akuona. Masewero ake omaliza anali mu Novembala, kukuzizira, ndipo Mayi Tibbs anabwera kuchokera kwawo ku Delta ndi azimayi a kutchalitchi kwawo, atanyamula milamba yokazinga yodyetsa mudzi wonse.

Alendo athu tsiku limenelo anali omwe aja anatichititsa manyazi chaka chatha. Anatithira mapointi 70, kochi wawo akulamulabe kuponya mipira yaitali m'mphindi yomaliza, anyamata ake akuvina pamaso pathu. Chaka chino anabwera ophwanyikaphwanyika, theka la timu lili pa ndodo. Pofika chigawo chomaliza tinali pa 56, iwo 3. Abale, kupambana nakonso kumatopetsa. A bandi anali atalema nayo nyimbo imodzimodzi, ine miyendo itazizira, ndikungoganiza za mulu wa zochapa.

Kenaka a Kochi Redfern anacheuka.

"Tibbs! Chipewa chako chosewerera chili kuti? Lowa."

Anamupatsa mpira, anathamanga pang'ono, anamugwetsa. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu anapeza kampata, nayenso osakhulupirira, n'kuliyatsa liwiro. Anthu awiri anamukolekera kumsana, iye n'kumawakoka, mpaka anagwa patatsala phazi limodzi kuti mpira ufike pamzere. Mayi Tibbs ndinawamva ndili kutsidya kwa bwalo. Inenso ndinakuwa, mayi wamkulu ngati ine.

Nthawi inali itatsala pang'ono kutha. Benchi yonse inaimirira.

"Mupatseninso! Mupatseni 38!"

Boone, chimnyamata chathu chotchinga kutsogolo, anakuwa ali m'bwalo momwemo: "A Kochi, amenewa anatimvera chisoni chaka chatha?"

 A Redfern anali akuyang'ana kutsidya, kumene ana a eni ake anakhala mitu ili pansi, wina atadziphimba thaulo kumaso. Kenaka a Kochi anagwira bondo lawo. Aliyense amachidziwa chizindikirocho: woponya mpira alandire, agwade, wotchi imalize yokha. Pogwada chonchi pamaikidwa munthu mmodzi kumbuyo kutali, woti adzatole mpira ukapulumuka. Supulumuka. Anaikako Lamarcus.

Anaima pamenepo manja ali m'chiuno, mnzake akugwada, mzere uli pafupi pomwepo.

Anthu anaomba m'manja, ataimirira. Kochi wa alendo anagwira dzanja la a Redfern ndi manja awiri, osafuna kulisiya. Ine mtima unandiwawa, ndipo chimene chimanditopetsa kwambiri n'chakuti sindinganene kuti a Kochi analakwa. Majezi a chaka chatha ndinachapa ndine, ndinawaona anyamata akuluakulu akulira m'chipinda chovalira. Zimenezo sungafunire mwana wa mnzako. Koma chifundocho anachitapa m'mbale ya mwana amene analibe kanthu kale.

Madzulo ake anyamata anaponya zovala m'basiketi akuimba, n'kumapita. Lamarcus anabwera pomalizira, jezi ili m'manja, amayi ake akumudikira panja ndi milamba yawo yozizira.

"Anti Verna, lero ndiye ndakupatsani ntchito."

"Wachedwa nazo, mwana iwe."

Ndinaitambasula. Matope pamimba, msipu m'mbali, ndipo paphewa lakumanja panali laimu woyera wa mzere uja. Phewa linafika, mpira ayi. Ndinaigwira kwa kanthawi, makina akulira kumbuyo kwanga.

"Ukudziwa, ikhoza kusowa imeneyi," ndinatero. "Majezi amasowa. Palibe angandifunse."

Anaiyang'ana, n'kukhudza laimuyo ndi chala. Anayesa kuseka koma sizinatheke.

"Chapani, Anti. Chaka chamawa avala wina."