Ramu Ziwiri, Kadi Imodzi

Anthu ankamutchula kuti Liwiro, ndipo dzinalo silinamugwere mwangozi. Anali wojambula makanema a maukwati, munthu wosakhazikika, woti ngakhale tiyi ankamwa ataimirira. Kompyuta yake yakale inkakhala m'kachipinda ka kuseri, pakati pa bedi la alendo ndi matumba a zovala, ndipo iye anaikakamiza kuthamanga kupyola liwiro lomwe opanga ake anaiikira. Anakweza manambala a purosesa, ubongo wa kompyutayo, nawonjezamo fani yolira ngati chigayo. Akazi ake ankati tsiku lina chinthucho chidzaulukira pawindo.

Tsono mng'ono wa akazi akewo anapeza banja. Apongozi aamuna, amene ntchito ya Liwiro ankaitcha "zoseweretsa kamera", anafuna kuitana kampani yojambula makanema, ya mayunifomu ndi magalimoto olembedwa m'mbali. Pamsonkhano wa banja akazi a Liwiro anaimirira, mayi wofatsa woti sayankhulayankhula pagulu.

"Ajambula ndi bambo a kunyumba kwanga," anatero. "Zikalakwika mudzafunse ine."

Apongozi anangoti, "Chabwino, wanena wekha."

Vuto linali lakuti kompyuta ija ikalandira makanema aakulu inkatsamwa, chifukwa ramu inali yochepa. Ramu ndi kathabwa kakang'ono komwe kompyuta imagwirizirapo zinthu pamene ikugwira ntchito, ndipo mwa iye munali kamodzi kokha. Kadi ya kamera, mosungira zojambulidwa, nayo inali imodzi. Akazi ake anatapa pa ndalama za ku saluni kwawo namupatsa m'manja.

"Izi ndi za zinthu ziwiri, bambo. Ramu yanuyo, ndi kadi yachiwiri. Musakandibweretsere nkhani."

Kusitolo ya zida za makompyuta anapeza wogulitsa akudya mabisiketi kuseri kwa kauntala. Liwiro atafotokoza za kompyuta yake, wogulitsayo anamuyalira ramu pagalasi. Panali ziwiri zogulitsidwa limodzi m'paketi, zopangidwira kuthamanga, koma mtengo wake Liwiro anangoseka. Panali ina yobiriwira, yosakongola, yofanana ndi yomwe anali nayo kale. Ndiye panali yofiira, yovekedwa chitsulo chonyezimira, yochokera m'kompyuta ya munthu wina.

"Yobiriwirayi mutenge, ndalama ya kadi itsalapo," anatero wogulitsa. "Kungoti mukabweze kompyuta yanu pa liwiro lake lenileni."

"Ndiibweze? Achimwene, ndinavutika nayo ine kuti ifike pomwe ilipo. Nanga yofiirayi?"

"Imeneyo imathamanga, koma itha ndalama yanu yonse. Komanso si mnzake wa yomwe muli nayo. Ramu zosiyana mukazikakamiza, mwina zimagwirizana, mwina zimakunamizani: kompyuta imayaka bwinobwino koma m'kati ikusokoneza zinthu. Mukaisiye pa pulogalamu yoyesera tsiku lathunthu."

Liwiro anaitembenuza yofiira ija m'manja. Inali yolemera, yozizira, yooneka ngati ya anthu a ndalama. Anaganiza za apongozi akuonera kanema patangopita masiku ochepa ukwati utatha, pomwe kampani ija ikanawadikiritsa mwezi. Aaa, kadi ndi kadi basi, anadziuza choncho, zaka zonsezi ndayenda ndi imodzi. Anapereka ndalama yonse.

Kunyumba akazi ake anafunsa za kadi.

"Makadi anatha," anatero Liwiro, maso ali pa sikuludiraiva. "Akuti abwera sabata yamawa."

Anaika ramu yofiira pambali pa yakale, nakweza manambala ake mpaka pomwe mtima wake unafuna. Kompyuta inayaka. Mapulogalamu ankatseguka asanachotse n'komwe chala pa mausi. Anayambitsa pulogalamu yoyesera ija, koma kuyang'ana mzere ukukwawa pang'onopang'ono kunamutopetsa, ndipo asanamalize tiyi anaitseka. Nanga chinthu choti chayaka chifunanso umboni wanji?

Pa ukwati pokha, tisamunamizire, munthu uja anagwira ntchito. Anagwada, anakwera pampando, thukuta lili kamukamu. Anajambula apongozi aamuna akuyenda ndi mwana wawo m'kanjira ka pakati pa mipando. Anajambula apongozi aakazi akuvina nsapato zili m'manja. Madzulo apongozi aamuna anamugwira paphewa, chinthu chomwe sanachitepo chikwatirire mwana wawo.

"Mkamwini, kanemayo tidzaonera kwathu Lamlungu likubwerali. Ndaitana ndi abale omwe."

M'mawa mwake Liwiro anali ndi ntchito ina, phwando la mwana wa kasitomala, ndipo kadi inali yodzaza ndi ukwati. Anachita monga ankachitira masiku onse. Anakopera zonse m'kompyuta, mzere unafika kumapeto mwachangu chomusangalatsa, mafayilo anaoneka ali ndandanda. Anafufuta kadi, napita kukaidzaza ndi ana ophulitsa mabaluni.

Atakhala pansi kuti ayambe kulumikiza kanema wa ukwati, fayilo yoyamba inayenda bwino. Yachiwiri, nkhope ya mkwatibwi inang'ambika pakati, theka n'kusanduka timabokosi tobiriwira. Anaganiza kuti ndi pulogalamu, naitseka n'kuitsegulanso. Timabokosi tinali pomwepo. Pa gule wa apongozi aakazi mawu anasanduka kulira kwa chitsulo. Fayilo ya bambo akuyenda ndi mwana wawo inakana kutseguka. Kenaka sikirini yonse inachita buluu, kompyuta n'kuzima yokha.

Anayambitsa pulogalamu yoyesera ija, ulendo uno n'kuisiya, ndipo pasanapite nthawi mizere yofiira inayamba kutsika yosawerengeka. Anazula ramu yofiira ija, nabweza manambala onse pomwe opanga anawaika. Kompyuta inakhala phee, yomvera ngati mwana wolangidwa. Koma mafayilo anali ataonongeka kale pokopera paja, ndipo kubweza liwiro sikunawachiritse.

Anathamangira kusitolo ndi kadi m'thumba. Wogulitsa anaiika m'makina ake, nafufuza, napukusa mutu.

"Mukanangofufuta osajambulaponso, bwenzi tikuyesa. Koma apa mwadzaza mabaluni okhaokha, achimwene. Kadi ina mulibe?"

Liwiro anakweza maso. Makadi anali pomwepo, atapachikidwa pakhoma kuseri kwa wogulitsayo, mzere wathunthu.

Masiku otsalawo anawathera m'kachipinda kaja, akutola tizidutswa. Anapeza keke, anapeza magalimoto akufika, anapeza amalume ena akuyasamula. Zonse zopanda pake zinapulumuka, abale inu, ngati dala. Akazi ake akagogoda ankati, "Ndatsala pang'ono," ndipo iwo ankabwerera mwakachetechete kuopa kumusokoneza. Chimenecho ndicho chinkamupweteka koposa.

Lamlungu masana akazi ake analowa osagogoda, atavala kale diresi la kokacheza, chikwama chili m'khwapa.

"Tiyeni, bambo. Anthu afika kale kumeneko."

Liwiro anangodina mausi. Pasikirini panaoneka apongozi aakazi akukweza nsapato m'mwamba, akuseka, kenaka nkhope inaphwanyika kukhala timabokosi. Akazi ake anaonera mpaka pomwe chithunzi chinaima.

"Pamene bambo akuperekeza mng'ono wanga pali bwanji?"

"Sipakutseguka."

"Ndiye tengani pakadi."

"Ndinafufuta."

Akazi ake anayang'ana patebulo, pomwe ramu yofiira inali gone pafupi ndi kapu ya tiyi. Anaitola, naiyeza kulemera kwake m'dzanja.

"Makadi aja anathadi?"

"Ayi," anatero Liwiro. "Analipo."

Ankayembekeza kuti akalipa, ndipo ankafuna kuti akalipe, amugende nayo ngakhale kumaso. Koma iwo anaibweza patebulo bwinobwino, ngati chinthu cha eni ake, nawerama kumanga lamba wa nsapato.

"Dikirani ndivale shati, tipitire limodzi," anatero Liwiro akudzuka. "Ndikanena ndekha kwa bambo."

"Mukanena chiyani? Inu simunalonjeze kanthu. Ndinati zikalakwika adzafunse ine, ndiye akafunsa ine."

Anatuluka natseka chitseko mosamenyetsa. Masiku onse m'kachipinda kaja simunkamveka za kunja chifukwa cha fani. Tsiku limenelo fani inkazungulira mwakachetechete, ndipo Liwiro anamva nsapato za akazi ake zikutsika masitepe, zikuima pageti kwa kanthawi, kenaka n'kupitirira.