Mbaula ya Utuchi ya Kenani Daka

Kenani Daka anali fitala, mmisiri wokonza makina, ndipo monga mafitala ambiri a ku Kabwe, sankadutsa chitsulo chogona pansi osachitola. Mu 1974, kuseri kwa nyumba yake ku Bwacha, anapanga mbaula yosafuna makala. Inali theka la diramu, paipi pakati ndi kachitseko ka mphepo m'munsi. Ukatsenderamo utuchi n'kuyatsa, inkayaka kuchokera m'mawa mpaka nyemba zitapsa, utsi wake wosaliza ngakhale khanda.

Kenani sankalota za chuma kwenikweni. Ankafuna kuti chinthucho chizidziwika kuti anachiganiza ndi iyeyo. Mnzake wa kuntchito ndiye anamuuza za patenti, chikalata cha boma chonena kuti nzeru iyi mwini wake ndi uje, wina asaigwire osapempha. Kenani anaitanitsa mafomu ku ofesi ina ya ku Lusaka.

Mafomu asanafike, kumpingo kwawo kunagwa maliro a bambo Saulos. Kunali m'dzinja, nkhuni zonse zitanyowa, ndipo amayi a chigwirizano anabwera kudzabwereka mbaula ija. Pamaliro munthu sakaniza chinthu, ngakhale chikhale chako bwanji. Mbaula inapita, inaphika bwino, ndipo kuyambira pamenepo inasanduka ya anamfedwa onse. Chaka chisanathe inali itayenda maliro asanu ndi awiri, mpaka ku Katondo ndi ku Mukobeko.

Polemba mafomu mu 1975, Kenani anaganiza monga mwana wa mpingo. Mkhristu akamasamukira kwina amanyamula kalata ya umboni, nanga mbaula ikafika bwanji ku Lusaka ili manjamanja? Anapempha akulu a mpingo kuti ailembere kalata. Akuluwo anagwira ntchito mosanyinyirika. Analemba maliro onse ndi masiku ake, anawonjezera kuti anthu mazanamazana anaiona ndi maso awo ikuyaka, kenaka anadinda chidindo. Kenani anaiika pamwamba pa mapepala onse.

Yankho loyamba linabwera patapita miyezi isanu ndi itatu, lonena kuti zithunzi anajambula ndi pensulo pamene pankafunika inki. Anajambulanso. Chaka chotsatira anamuuza kuti chiwalo chilichonse cha mbaula chikhale ndi nambala, ndipo mafotokozedwe ake atchule nambalazo. Anachita zimenezonso. Kenaka kunangoti zii. Kawiri konse anakwera sitima kupita ku Lusaka, ndipo kawiri konse anauzidwa mwaulemu kuti akudziwa za nkhani yake, koma ayenera kufufuza kaye ngati kwina kulikonse kulibe anapangapo chofanana nacho, ndipo ofufuzawo ndi ochepa.

Nthawi yonseyi Kenani ankapangabe mbaula zina n'kumazisanja kuseri kwa nyumba, osagulitsa ndi imodzi yomwe. Mkazi wake Olipa zinamukwana.

"Atate ake Maggie, muzayamba liti kugulitsa?" anafunsa tsiku lina. "Beston wa ku Katondo, uja okhoma mabaketi, anayamba kudala kupanga monga yanu. Anaipima na nthambo pa malilo ya a Saulos. Manje market yonse ni yeve."

"Musiyeni apange," anayankha Kenani. "Pepala ikabwela azaleka yekha. Boma siithamanga, but ifika."

Olipa anangopitiriza ntchito zake. Ankadziwa kuti mwamuna wake akaika mtima pa pepala, ungalankhule mpaka malovu kuuma.

Boma linafikadi, mu 1981, m'envulopu yopyapyala. Kalatayo inati patenti imaperekedwa pa chinthu chatsopano, chimene anthu sanachigwiritsepo ntchito poyera tsiku lopempha lisanafike. Kwina konse sanapeze mbaula yotero. Koma malinga ndi umboni wa akulu a mpingo umene iye mwini anatumiza, mbaulayo inali itagwira kale ntchito pagulu kasanu ndi kawiri asanapemphe, choncho pempho lakanidwa. Anamuthokozanso chifukwa chotumiza umboni womveka bwino chotero.

Kenani anaiwerenga kawiri ali chiimire. Zinamupweteka kwambiri, makamaka chifukwa panalibe womukwiyira. Akulu aja analemba zoona zokhazokha. Amayi aja akanabweranso mawa kudzabwereka, akanawapatsa. Zaka zisanu ndi chimodzi anali kudikira yankho limene linali kale m'mapepala ake omwe.

Loweruka lotsatira anasankha mbaula yabwino koposa pa mulu uja, anaipukuta dzimbiri, anaimangirira panjinga, ulendo wa kumsika wa ku Katondo. Anaima pafupi ndi ogulitsa mapoto. Uku ndi uku kunali mbaula za utuchi, zina zopotoka paipi, ndipo anthu ankagula osafunsa n'komwe kayatsidwe kake.

Dzuwa litafika pamutu, mayi wina wachikulire anaima patsogolo pake. Anagogoda mbaulayo ndi chala, anasuzumira m'paipi, anatsegula kachitseko n'kukatsekanso.

"Ni Beston iyi?" anafunsa mayiyo.

"Iyayi amai. Napanga neka."

Mayi uja anamuyang'ana mwachifundo, n'kukonza chitenje.

"Mwayesako, atate, yaoneka bwino. But ine zokopela sinigula. Nifuna original."