Wonena Ndiye Wosesa Utuchi

Lachitatu m'mawa makina ochekera matabwa anadula zala ziwiri za kudzanja lamanja la mlamu wake wa Kapitawo. Chitsulo chotchingira macheka chinaguluka, dzanja n'kulowa. Utuchi wonse pansipo unangoti psuu ndi magazi.

Kuchipatala, mlongo wake wa Kapitawo sanafune n'komwe kumuyang'ana.

"Achimwene, amuna anga akhala akudandaula za makina amenewo milungu itatu. Kudandaulira ine kunyumba, ngati ndine makaniko!"

"Nanga osandiuza ine bwanji?"

"Akuuzeni inu? Kuti akasese utuchi?"

Lamulo limenelo Kapitawo analiika yekha atangokwezedwa: wonena kuti chida chawonongeka ndiye wachiwononga, azisesa utuchi tsiku lonse anzake akuonerera. Ankati anthu aphunzire kusamala. Madandaulo anatheratudi, mkuluyu n'kumadziguguda pachifuwa kuti ntchito ikuyenda. Ha, kupusa kwake!

M'mawa mwake kunabwera makaniko wachikulire. Anagwada pansi pa makinawo n'kusolola waya wopindikapindika.

"Akapitawo, taonani. Bawuti inathyoka kalekale, anthu anu n'kumangirira ndi waya uyu. Onse asanu ndi atatu ankamuona tsiku lililonse."

"Ndiye n'zigawenga! Ndiwachotsa ntchito onse."

"Achotseni, mulembe ena. Nawonso adzamanga waya wawo. Maso anu ndi awiri okha, bambo, ndipo enawo munawatseka ndi tsache. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma inu mumamuluma chala."

Mawu akuti chala anamulasa Kapitawo mumtima. Anachita manyazi kwambiri, ndipo anakhala pa mulu wa matabwa mpaka makaniko atamaliza.

Lolemba anasonkhanitsa anthu makina asanayatsidwe.

"Lamulo la tsache latha. Ndinalakwa ndine, mundikhululukire. Kuyambira lero m'mawa uliwonse tiziima pano, aliyense anene chimene waona."

Onse anangoyang'ana pansi. Ndani angakhulupirire msanga? Kapitawo anatenga tsache n'kusesa yekha. Anasesa mlungu wonse, popanda wotsegula pakamwa.

Patatha mwezi mlamu wake anabwerera, dzanja lili ndi bandeji. Kapitawo anamuika kowerenga matabwa, poti kucheka sakanathanso. M'mawa umenewo mlamuyo anakweza dzanja lovulala lomwelo.

"Alamu, lamba wa makina achiwiri akulira mwachilendo."

Anthu anatembenukira kwa Kapitawo, kenako ku tsache.

"Zikomo, alamu. Asayatse munthu makina amenewo."

Atatsegula anapeza lamba atatsala pang'ono kuduka, pomwe pamaima mayi wina wa ana anayi. Tsiku lotsatira analankhula anthu atatu.

Patha chaka tsopano popanda wovulala. Mtsogoleri amene amalanga wobweretsa uthenga woipa amamva za vuto magazi atatuluka kale. Mverani anthu anu, ndipo muziwathokoza akakuchenjezani. Kapitawo anaphunzira zimenezi, koma mpaka lero mlamu wake amamupatsa moni ndi dzanja lamanzere.