Zigongono za Tiwa

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 3, ndipo palibe mphunzitsi amene anandilira. Ndiye Tiwa, mwana wa mchimwene wanga Dyson, atandiuza kuti wasankhidwa kukalakatula ndakatulo pa asembule kusukulu kwawo ku Tipton, kuno kudziko la azungu, ndinati kani nzeru zinandidumpha ine n'kukatera pa iye.

Koma ndakatulo anali nazo ziwiri. Imene aphunzitsi anasankha inali yonena za khungu lake. M'kalasi mwawo wakuda anali yekha, ndipo anyamata ankamuseka kale kuti mphumi yake imawala. Choncho analemba ina ya masamba oyoyoka m'mitengo, kuti akasinthe mwakachetechete.

Loweruka masana, mayi ake ali ku shifiti kuchipatala, ndinamukhazika m'khitchini.

"Undiwerengere zonse ziwiri, koma m'Chichewa. Chizungu changa chimathera pothokoza dalaivala wa basi."

"Auntie, my Chichewa is rubbish."

"Ndiye tafanana. Yamba."

Anayamba ndi ya masamba. Masamba afiira, masamba agwa, masamba auluka.

"Watha? Tenga tsache ukasese."

Anaseka, kenako anatenga inayo. Mawu ankawasaka limodzilimodzi ngati akutola nsabwe. Ndakatuloyo inkati kuzizira kwa kuno kumalemba ndi choko pa zigongono zake, ndipo m'mawa uliwonse azakhali ake amafufuta ndi vasilini mpaka kuda kwake kutabwerera. "Ndimalowa m'kalasi ndikuwala, chifukwa wina anandigwira ndi manja awiri ndisanatuluke."

Ndinakhala chete, chinthu chimene abale anga sanachionepo.

"Azakhali amenewa ndi ine?"

"Who else?"

"Nanga bwanji sunalembe kuti ndi okongola?"

Sanaseke ulendo uno. Anayang'ana pansi, nati m'Chichewa chake chotsimphina, "Anti, akandiseka."

"Akukuseka kale, mwanawe, uli chete. Ine ndikanadziwa kulemba chonchi, akanandimva mpaka ku Coventry."

Tsiku la asembule ndinakhala kumbuyo kwa holo pamodzi ndi makolo ena, nditamanga duku langa la kutchalitchi. Tiwa anakwera kutsogolo ndi mapepala onse awiri. Chizungu chinayamba kuthamanga, ine osagwirapo ngakhale mchira, moti sindinadziwe kuti wasankha iti.

Kenako ndinamuona akupinda mkono wa juzi. Anakweza chigongono m'mwamba kuti holo yonse ichione.

Anyamata awiri anaphulika kuseka. Tiwa anaima, n'kuwayang'ana, n'kuwadikira mpaka chiseko chinawathera pakhosi. Mwana wa zaka khumi ndi zitatu! Anabwereza mzere womwewo mokweza, napitiriza mpaka kumapeto, mawu osagwedera.

Mayi wina wa ku Jamaica, amene anakhala pambali panga, anandigunda ndi phewa. "Yours?" Chimenecho chokha ndinachimva, ndipo ndinavomera ndi mutu mpaka duku linapendekeka.

Mlungu wotsatira aphunzitsi anamupempha kuti akaiwerengere ana a makalasi ang'onoang'ono. Anapita osafunsa munthu.