Kamwendo ka Pakati

A Mangitsa anali mmisiri wa matabwa, ndipo dzinali sanabadwe nalo. Anawapatsa ndi makasitomala, chifukwa sikuluwu imene iwo amanga ngakhale mdzukulu wako sadzaimasula. Mipando yawo sinali yokongola kwenikweni, tisabisane, koma munthu anenepe bwanji ankakhalapo mtima uli m'malo. Chikhulupiriro chawo chinali chimodzi: chilichonse chimene chagwa chinasowa pochigwiriza.

Mwana wawo wamkazi ankamutcha Kamasula, poti ali wamng'ono anamasula wailesi ya m'nyumba, wotchi yapakhoma, ndi loko wa kubafa mlendo ali mkati. Tsopano anali atakula, ataphunzira zojambula mapulani, ndipo atayenda m'maofesi ndi envulopu kukhwapa mpaka nsapato kutha zidendene. Ntchito osaipeza. Ndiye anabwerera kwa bambo ake ndi nzeru ina: iye azijambula makabati ndi makhitchini pa kompyuta, kasitomala azichiona chinthu chisanapangidwe, a Mangitsa azipanga. Kompyuta yamphamvu yoteroyo sakanatha kuigula yathunthu, choncho anagula zipangizo zake chimodzichimodzi kuti alumikize yekha.

Azakhali ake, mlongo wawo wa a Mangitsa, nkhaniyi inkawanunkha. Iwo anali ndi sitolo ya zovala m'tauni ina yakutali, ndipo ankafuna munthu wapakauntala.

"Ndibwera Loweruka masana," anatero pafoni. "Ngati chidole chakecho sichinayake, akwere galimoto tizipita. Achimwene, mwana asakalambire mu utuchi ngati inu."

Kamasula anavomera pangano limenelo akuseka, chifukwa ankawakhulupirira manja ake. A Mangitsa sanaseke. Chimwalirire akazi awo nyumba inali itakula kwambiri, ndipo kubwera kwa mwanayu ndi kumene kunaichepetsanso. Sankafuna kuti apite, koma pakamwa pawo panali polimba ngati masikuluwu awo omwe.

Lachisanu Kamasula anasesa pakona ya shopu, n'kuyala zipangizo zake patebulo. Anawafotokozera bambo ake kuti bolodi lalikulu, limene zonse zimalumikizidwapo, silikhala pachitsulo cha bokosi la kompyuta ayi, limakhala pa timiyendo ta mkuwa. Anamanga timiyendoto, kenaka anazindikira kuti akusowa waya wa sikirini, n'kuthamangira kusitolo.

A Mangitsa anatsala okha ndi bokosilo. Anasuzumira mkati, manja ali kumbuyo. Timiyendo tinali m'mbali ndi m'makona, koma chapakati panali mpata waukulu wopanda kanthu, pomwe m'kapepala munali titatsala timiyendo tina. Anapukusa mutu. Ana a sukulu! Shelefu yaitali yopanda mwendo pakati imapindika, zimenezo ngakhale wophunzira ntchito wa dzulo amazidziwa. Anatenga kamwendo kamodzi, n'kukalowetsa m'bowo lapakati, n'kukamangitsa ndi pulayala monga mwa dzina lawo. Sanamuuze. Inali mphatso yawo, ndipo mumtima anakondwa kuti nawonso aikapo dzanja pa tsogolo la mwana wawo. Kamasula atabwera anangoika bolodi pamwamba, osayang'ananso pansi pake.

Loweruka m'mawa zonse zinali m'malo. Kamasula anapukuta manja pamalaya.

"Ababa, bwerani mudzaone kubadwa kwa mwana."

Anadina batani. Fani yoziziritsa mkati inazungulira pang'ono ngati ikudzinyonga, n'kuima. Sikirini inangokhala bii. Anadinanso, chimodzimodzi.

"Musadandaule," anatero Kamasula. "Zimachitika. Tiyambe ndi zopusa."

Ndipo anayambadi ndi zopusa. Anaona ngati swichi yakumbuyo kwa bokosi ili yoyatsa. Anazula pulagi n'kulowetsa ketulo pasoketi yomweyo, ketulo n'kuyamba kulira bwinobwino. Anasintha waya wa magetsi. Anatsegula bokosi n'kukanikiza mawaya onse mmodzimmodzi, makamaka wamkulu uja ndi wina wa pakona amene anthu amakonda kumuiwala. Anazula timemole tiwiri, tizipangizo tokumbukirira ta kompyuta, n'kubwezera kamodzi, kenaka kanzake, kenaka n'kutisinthanitsa malo. Nthawi iliyonse akadina batani, fani inkangogwedeza mutu n'kugonanso.

A Mangitsa ananamizira kupala thabwa, koma maso anali kutebulo. Thabwa lija analipala mpaka linatsala pang'ono kusanduka pepala.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe," anatero.

"Nkhonoyo ilibe azakhali, ababa."

Dzuwa linakwera, malata anayamba kuthetheka. Kamasula anachotsa khadi la zithunzi, anachotsa chosungira mafayilo, anachotsa chilichonse chimene kompyuta ingathe kudzuka popanda icho. Anazula tiwaya ta batani n'kukhudza timapini take ndi nsonga ya sikuludiraiva, kuti mwina batani ndi lomwe lafa. Ayi ndithu. Nthabwala zinamuthera. Thukuta linkadontha pachibwano, ndipo anayamba kulankhula yekha.

"Ikudziteteza. Magetsi akalowa ikuwadula yokha. Ndiye kuti pali shoti, chitsulo chikukhudza pamene sichiyenera kukhudza. Koma pati? Timiyendo ndinatiika moyang'anizana ndi mabowo a bolodi, kalikonse ndi bowo lake."

Puleni yopalira thabwa inaima m'manja mwa a Mangitsa.

"Kalikonse ndi bowo lake?" anafunsa ndi mawu ongoyerekeza.

"Eya. Kakakhala pamene palibe bowo, kamakanda kunsi kwa bolodi. Kunsiko n'kodzaza tinjira ta magetsi."

A Mangitsa anakumbukira kamwendo kawo kaja. Anafuna kulankhula, lilime linakana. Munthu amene anthu amamutamanda chifukwa cha manja ake anene bwanji kuti manja omwewo ndi amene aononga? Ndipo anachita mantha: bwanji ngati kamwendo kawo kapsereza bolodi lonse? Mwana adzawayang'ananso bwanji? Anadziuza kuti mwina si zimenezo, mwina achipeza china. Anabwerera ku thabwa lawo ngati kamba wobisa mutu.

Koma Kamasula sanapeze china. Anakhala pansi pa benchi, sikuludiraiva ili m'manja, n'kuyang'ana bokosi lija nthawi yaitali. Kenaka anayamba kupinda mawaya mwakachetechete n'kumawabwezera m'makatoni.

"Ukutani?"

"Ndikulongedza. Ndaotcha chinachake, ababa. Mwina ndinaligwira molakwika bolodili, mwina ndinalumikiza chagada, sindikudziwa. Maofesi onse aja sanali openga pondikana. Ine ndimangodziwa kumasula, kumanga ayi." Anaseka kuseka kowawa. "Azakhali amanena zoona. Pakauntala palibe chimene ndingaotche."

Mawu amenewo anawalasa a Mangitsa kuposa chiselo. Kompyuta ikanatha kufa, imeneyo ndi chitsulo chabe. Koma pano mwana wawo anali kudziweruza pa mlandu umene sanapalamule, ndipo akanakwera nawo galimoto, n'kukhala nawo moyo wake wonse. Wopalamula weniweni anali ataimirira pomwepo ndi puleni m'manja.

Anaiika puleniyo pansi.

"Mwanawe, dzulo utapita kusitolo ndinaikamo kamwendo kena."

Kamasula anadzutsa mutu. "Mwati chiyani?"

"Pakati. Panali mpata waukulu. Ndinati bolodi lingapindike. Ndimati ndikuthandiza."

Kamasula anawayang'ana bambo ake, n'kuyang'ana bokosi, n'kuwayang'ananso. A Mangitsa anadikira mkuntho, ndipo anali okonzeka kuulandira.

"Ababa," anatero pang'onopang'ono, "imeneyi si shelefu."

"Ndaona."

"Ndipo mwakhala chete m'mawa wonsewu?"

"Manyazi, mwanawe. Ndi mantha. Undikhululukire."

Kamasula anaimirira, n'kumasula bolodi lija mosamala, n'kulinyamula ndi manja awiri ngati mbale yodzaza. Pansi pake kamwendo kaja kanali chilili pakati, kakunyezimira monyada ngati kachita zabwino. Anatembenuza bolodi n'kuliyang'anitsitsa pafupi ndi windo. Panali kachipsera kakang'ono pamene mkuwa unakanda, koma panalibe kuda kapena fungo la chopserera.

"Mwina lapulumuka, mwina ayi," anatero. "Tiliyese lili panja."

Analigoneka pa katoni yake, n'kubwezera kamemole kamodzi, waya wa magetsi ndi wa sikirini. A Mangitsa anaima patali ndithu, manja atawatsekera m'matumba kuti asachimwenso. Sanali munthu wopemphera mokweza, koma milomo yawo inkagwedera.

Kamasula anakhudza timapini tija ndi sikuludiraiva.

Fani inazungulira. Inazungulirabe. Siinaime. Kaphokoso kake kanadzaza shopu yonse, kenaka sikirini inaphethira n'kuonetsa zilembo zoyera.

Kamasula anagwira pakamwa. Misozi inatsika, kuseka kukubweranso nthawi yomweyo, moti sankadziwa choyamba n'chiti.

"Ndiye kuti sindinalakwitse?"

"Sunalakwitse paliponse. Zonse unamanga bwino. Ndi bambo ako okalambawa."

"Nenaninso."

"Sunalakwitse, mwana wanga."

Kamasula anapukuta m'maso ndi mkono, n'kuwalozera bokosi lija. "Kachotseni nokha. Ine sindingakathe, ndikudziwa mmene mwakamangira."

Ndipo zinalidi choncho. A Mangitsa analimbana nako ndi pulayala mpaka mtsempha wapakhosi kutuluka, Kamasula akuwaseka mopanda chisoni. Katatuluka, Kamasula anabwezera bolodi m'bokosi, nalumikizanso zonse chimodzichimodzi, akuyatsa pakati pa chilichonse kuti atsimikize. Kompyuta inkadzuka nthawi zonse. Pomanga masikuluwu omaliza a Mangitsa anasendera pafupi mosazindikira.

"Ababa! Kumbuyo."

Anabwerera m'mbuyo ngati mwana wogwidwa dzanja lili m'shuga.

Kunja kunamveka hutala. Azakhali anali atafika, ndipo monga mwa chizolowezi chawo sanatsike m'galimoto. Kamasula anafuna kudzuka, koma bambo ake anamuletsa ndi dzanja.

"Khala. Iwe uli pantchito."

Anatuluka okha, akudzikutumula utuchi. Mlongo wawo anatsitsa galasi n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Chikwama chake chili kuti?"

"Sapita."

"Chayaka chidole chija?"

"Chayaka. Wachimanga yekha ndi manja ake, ine n'kumuonongera, iye n'kuchikonzanso."

"Inu kuononga? Achimwene, chibadwire sindinakumveni mukuvomera kulakwa."

"Lero mwandimva. Ndipo pali china chimene simunandimvepo." Anagwira chitseko cha galimoto. "Ngakhale chikanapanda kuyaka, sindikanafuna kuti apite. Ndimamufuna pano mwana wanga."

Ananena mokweza kuposa mmene anafunira. Atacheuka, Kamasula anali ataima pakhomo la shopu, ndipo anali atamva zonse.